Zomba Idzuke Nyundo ya Okushoni Isanagwe

M'mizinda ikuluikulu monga London, New York ndi Paris muli msika wa makalata amene atsogoleri andale akale analemba ndi dzanja lawo, ndipo msika umenewu umayenda mwa njira ya okushoni, kutanthauza malonda amene katundu amaikidwa poyera, ogula n'kumapikisana kutchula mitengo kufikira wogulitsa atagunditsa nyundo yake kwa amene watchula mtengo woposa onse. Mlimi wa fodya amene anatumizapo mabelo ku Limbe, ku Kanengo, ku Chinkhoma kapena ku Mzuzu njirayi amaidziwa bwino, koma fodya akagulidwa chaka chino wina amafesedwa chaka chamawa, pamene kalata ya mtsogoleri amene anamwalira kale imakhala imodzi yokhayo, ndipo ikangolowa m'kabati ya munthu wachuma amene dzina lake saliulula, fuko limene mbiri yake ili m'kalatamo likhoza kutha mibadwo osaionanso. Makalata a anthu amene anatsogolera dziko lino ndi umboni wa zimene zinachitika, kotero malo ake oyenera ndi pamene Mmalawi aliyense angathe kuwawerenga, ndipo dziko limene lili ndi nkhokwe ya zikalata mumzinda wa Zomba koma osaipatsa mphamvu zokwanira lisadzalire tsiku limene makalata ake adzaoneke m'kabuku ka malonda ka kunja.

Ndalama zimene zimazungulira pamsikawu si zamasewera. Mu Disembala 2009 kampani ya Christie's inagulitsa ku New York kalata imodzi imene George Washington analembera mwana wa mbale wake mu 1787, yonena za malamulo oyendetsera dziko la America amene anali atangolembedwa kumene, pamtengo woposa madola 3 miliyoni. Makampani ena otchuka monga Sotheby's ndi Bonhams ali ndi nthambi zoona za mabuku ndi zolemba pamanja, ndipo chidwi cha ogula chinafika kale pa atsogoleri amene analimbana ndi utsamunda ndi tsankho, makamaka Mahatma Gandhi ndi Nelson Mandela. Zimene zimakweza mtengo ndi kutchuka kwa wolemba, kusowa kwa zolemba zake, ndi mbiri ya kumene chikalatacho chadzera kuchokera m'manja mwa wolemba kufika kwa wogulitsa, mbiri imene imatsimikizira wogula kuti sakugula chachinyengo. Ogula ambiri amapikisana kudzera pa lamya kapena pa intaneti, moti ngakhale amene ali m'chipinda cha malonda sadziwa kuti kalata yapita kwa yani ndiponso kudziko liti.

Kuti munthu amvetse chimene chimatayika pamalonda oterewa, ayenera kuona mmene kalata imakhalira ikakhala pamalo pake. Ku National Archives of Malawi, nyumba ya boma yosungiramo zikalata zakale imene ili ku Zomba, kuli mafayilo a ofesi yaikulu ya boma la atsamunda imene inkatchedwa Secretariat, ndipo m'mafayilowa muli madandaulo amene mabungwe a anthu akuda ophunzira ankalembera boma. Levi Mumba, mmodzi wa oyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, amene pambuyo pake anakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, anali katswiri wa makalata oterewa pa nkhani za msonkho, maphunziro ndi ulemu woyenera munthu wakuda. Kalata yotere ikafika ku Zomba inkadindidwa chidindo chosonyeza tsiku limene yalandiridwa, inkamangidwa ndi kachingwe m'fayilo, ndipo pambali pake pankakhala pepala limene akuluakulu a boma ankalembapo maganizo awo mmodzimmodzi, aliyense n'kusaina ndi kuika tsiku, kufikira yankho litakonzedwa ndipo kope lake litasungidwa momwemo. Wowerenga fayilo yonse amaona zimene mwini dziko anapempha, zimene azungu ananong'onezana mseri, ndi zimene anamuyankha poyera, ndipo pakati pa zitatuzi m'pamene pali mbiri yeniyeni ya utsamunda.

Msika wa okushoni ulibe nayo ntchito fayilo yonseyo, chifukwa chimene umalipira ndi siginecha ya munthu wotchuka. Wogulitsa wochenjera amadziwa kuti mtolo wa makalata umabweretsa ndalama zambiri akaumasula n'kugulitsa kalata imodziimodzi, kotero mapepala amene anakhala pamodzi zaka zambirimbiri amamwazikana tsiku limodzi, funso n'kupita kumpoto yankho kummwera, pamene envulopu yokhala ndi chidindo cha positi ofesi ndi makalata a anthu wamba amene analembera mtsogoleriyo zimaoneka ngati zinyalala. Choipa china n'chakuti mtengo ukakwera umaitana akuba ndi achinyengo. Mu 1983 magazini ya ku Germany yotchedwa Stern inalipira ndalama zankhaninkhani pogula mabuku amene ankati analemba Adolf Hitler, koma patangopita masiku ochepa atawalengeza zinadziwika kuti anawapeka Konrad Kujau, ndipo ku America munthu wina wosonkhanitsa zinthu zokhudza atsogoleri a dzikolo, Barry Landau, anagwidwa mu 2011 n'kumangidwa chifukwa chakuba zikalata m'nyumba zosungiramo mbiri. Ngati zoterezi zimachitika kumene kuli alonda ndi makamera, nkhokwe ya dziko losauka siingadzione ngati yotetezeka.

Dziko la Malawi lili ndi chifukwa chapadera chokhalira tcheru, pakuti zolemba zake zakale zinachepa kale. Zomba linali likulu la dziko kuyambira 1891, pamene Harry Johnston anakhazikitsa boma la atsamunda m'tsinde mwa phiri, kufikira 1975, pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, ndipo zaka zonsezi mapepala a boma ankasonkhana mumzindawu. Mu 1919 moto unatentha ofesi ya Secretariat n'kuwononga gawo lalikulu la zikalata za zaka zoyamba za ulamuliro wa atsamunda, zaka zomwezo zimene malo ambiri a ku Shire Highlands analandidwa, thangata anazika mizu, ndipo John Chilembwe anaukira boma pa 23 Januwale 1915. Kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, yotsutsa kutenga anthu akuda kukafera nkhondo ya azungu, boma linailetsa, ndipo anthu ambiri anadzaiwerenga chifukwa George Shepperson ndi Thomas Price anaiika m'buku lawo la Independent African mu 1958. Umboni umene anthu anapereka ku komiti yofufuza za kuukirako unasindikizidwa mu 2015 ndi John McCracken, patatha zaka 100. Munthu amene nkhope yake ili pa ndalama ya K2,000, amenenso fuko limamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse, mawu ake enieni anapulumuka mwa mwayi.

Zimene moto unasiya, zina zinatuluka m'dziko. Nkhokwe ya ku Zomba inayamba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, imene likulu lake linali ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ndipo inadzaima payokha mu 1964 chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha. Mu 2011, pa mlandu umene okalamba a ku Kenya anasumira boma la Britain chifukwa cha nkhanza za nthawi ya Mau Mau, boma limenelo linavomera kuti linkasunga mwachinsinsi ku Hanslope Park mafayilo zikwizikwi amene linachotsa m'maiko oposa 30 pamene maikowo ankalandira ufulu, ndipo mwa mafayilowa, amene tsopano ali ku Kew mumzinda wa London, muli a Nyasaland. Makalata ndi zolemba zambiri zokhudza Dr. Hastings Kamuzu Banda, zimene anasonkhanitsa Donald Brody, zili ku Indiana University ku America pansi pa dzina lakuti H.K. Banda Archive, pamene mapepala a Shepperson ali ku Edinburgh. Wophunzira wa mbiri pa sukulu ya ukachenjede ya University of Malawi, amene angathe kuyenda wapansi kuchokera ku Chirunga kukafika kunyumba imene aphungu anakangana pa 8 ndi 9 Sepitembala 1964 pa mkangano wa Dr. Banda ndi nduna zake, amafunika chiphaso cholowera m'dziko la eni ndi tikiti ya ndege kuti akagwire ndi manja ena mwa mapepala ofotokoza mbiri ya dziko lake.

Ulamuliro wa chipani chimodzi unaonjezera kusowaku mwa njira ina, chifukwa pa zaka 30 zimenezo pepala linali chinthu choopsa kukhala nacho m'nyumba. Kalata yochokera kwa Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume kapena wina aliyense amene boma linkamutcha chigawenga inali yokwanira kutengera munthu ku ndende ya Mikuyu, kotero mabanja anaphunzira kuti pepala lokayikitsa malo ake ndi pamoto. Amene anali m'ndende ankalemba pa chilichonse chimene achipeza, monga mmene Jack Mapanje, amene anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, anafotokozera za mauthenga olembedwa pa mapepala okutira sopo ndi kutulutsidwa mobisa. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, Chipembere anafera ku Los Angeles mu 1975, Chiume ku New York mu 2007, ndipo Rose Chibambo anamwalira mu 2016. Mbadwo umene unamenyera ufulu watha, ndipo zimene unasiya zili m'manja mwa ana ndi adzukulu, ena m'dziko muno ena kunja. Kusowa kumeneku, kumene kwa wolemba mbiri ndi chisoni, kwa wamalonda ndi mwayi, popeza chinthu chikasowa mtengo wake umakwera.

Oikira kumbuyo malondawa amati munthu amene walipira ndalama zambiri amasamala chimene wagula kuposa mmene boma losauka lingasamalire, ndipo mfundo imeneyi ili ndi choonadi chimene sichiyenera kubisidwa. Makope a zikalata amene ankatumizidwa ku London ndiwo anapulumutsa mbali ina ya zimene moto wa 1919 unatentha, ndipo zolemba za ku Indiana ndi ku Edinburgh zili ndi ndandanda yoti wofufuza aliyense angaione. Koma zitsanzo zonsezi ndi za nyumba zotsegukira anthu, zimene zili ndi udindo wosunga ndi kuonetsa, pamene wogula wa pa okushoni alibe udindo kwa munthu aliyense. Akhoza kutsekera kalata m'chitsulo kufikira mtengo utakwera, akhoza kukana wofufuza, ndipo akamwalira olowa m'malo mwake akhoza kuigulitsanso kwa wina wosadziwika. Kalata imene yasungidwa bwino koma palibe amene angaiwerenge ili chimodzimodzi ndi imene inapsa, kwa mwana wa sukulu wa ku Chingale kapena ku Jali amene akufuna kudziwa zimene atsogoleri ake anagwirizana m'dzina lake.

Ena amati kalata ndi katundu wa banja monga mmene ilili nyumba kapena munda, kotero boma lisalowerere pamene mwana wamasiye akufuna kugulitsa zimene bambo ake anasiya kuti alipirire ana sukulu. Apanso pafunika kusiyanitsa. Kalata imene munthu analemba kapena kulandira ali pa udindo wa boma, monga nduna, phungu kapena mtsogoleri wa dziko, pa nkhani za udindowo, ndi chikalata cha boma ngakhale atapita nacho kunyumba popuma ntchito, ndipo kuchigulitsa n'kugulitsa cha eni. Kalata ya kwa mkazi, kwa malume kapena kwa bwenzi ndi ya banja, ndipo banja limene linavutika chifukwa cha ndale siliyenera kulandidwanso kachiwiri m'dzina la kukonda dziko. Njira yachilungamo ndi yakuti boma likhale loyamba kupatsidwa mwayi wogula pamtengo woyenera, ndipo ngati lalephera, chikalatacho chijambulidwe ndi kulembedwa m'kaundula chisanatuluke m'dziko. Banja silitaya kanthu, ndipo fuko limatsala ndi mawu ngakhale pepala litapita.

Mfundo yomaliza imene imamveka kawirikawiri ndi yakuti dziko limene likusowa mankhwala m'zipatala ndi chimanga m'nkhokwe silingataye ndalama pa mapepala akale. Koma ntchito imene ikufunika si yopikisana ndi anthu achuma a ku New York, chifukwa makalata ambiri a atsogoleri a dziko lino sanafike pamsika, ndipo lero akhoza kupezeka ndi ulendo wa galimoto, makina ojambulira ndi mawu aulemu kwa akuluakulu a banja. Zikalata si zokongoletsera chabe, pakuti milandu ya malo, mikangano ya ufumu ndi nkhani ya malire a nyanja ya Malawi, imene dziko lino limatsamira pa pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, zonse zimaweruzidwa ndi mapepala akale. Dziko limene silisunga umboni limapita kubwalo la milandu manja lendelende.

Maiko ena asonyeza kuti boma likafuna limatha. Mu 2007 kampani ya Christie's inachotsa pa malonda kalata imene Gandhi analemba masiku ochepa asanaphedwe mu Januwale 1948, boma la India litalowererapo, ndipo mu 2012 boma lomwelo linagula makalata ndi mapepala a Gandhi ndi bwenzi lake Hermann Kallenbach pamtengo woposa madola miliyoni imodzi tsiku la okushoni lisanafike. Mu Okutobala 2023 boma la Senegal linaimitsa malonda a katundu wa Léopold Sédar Senghor mumzinda wa Caen ku France n'kugula katunduyo. Ku South Africa khoti linaletsa mu 2014 kugulitsa lipoti la madokotala lonena za imfa ya Steve Biko, ndipo malonda a katundu wa Mandela amene anakonzedwa ndi kampani ya Guernsey's ku New York anaimitsidwa mu 2024 bungwe la boma loteteza chuma cha mbiri litadandaula. Phunziro la nkhani zonsezi ndi limodzi: amene anayembekezera kufikira katundu atalengezedwa analipira ndalama zambiri kapena anathera kukhoti, ndipo amene anapambana anatero chifukwa panali lamulo, bungwe lokhala maso ndi nduna yokonzeka kuchitapo kanthu msanga.

Mdani wamkulu wa makalata a Amalawi sali ku London, ali pafupi. Zomba ndi dera la mvula yambiri, ndipo chinyontho chimene chimatsika m'phiri nyengo ya dzinja chimachititsa mapepala nkhungu, chimadyetsa dzimbiri timawaya tomangira mapepala mpaka titaboola tsamba, ndipo chimafewetsa pepala kuti chiswe chilowe mosavuta. M'midzi ndi m'matauni makalata a agogo amakhala m'sutukesi pansi pa bedi kapena m'katoni pamwamba pa kabati, ndipo mwini wake akamwalira, pogawana chuma cha masiye anthu amalimbirana njinga, wailesi ndi malata, mapepala n'kupita kokulungira zitumbuwa ndi usipa kapena koyatsira mbaula. Lamulo limene linaika maziko a ntchito ya National Archives linalembedwa mu 1975, nthawi ya chipani chimodzi, intaneti isanabwere, ndipo ntchito ina yofunika yojambula zikalata za maufumu ndi maboma ang'onoang'ono yachitika ndi thandizo la kunja monga la Endangered Archives Programme ya British Library. Thandizo limenelo n'loyamikika, koma fuko limene limadikira mlendo kuti adzalikumbutse kusamala mbiri yake silingadabwe mlendo wina akabwera ndi ndalama kudzaigula.

Zoyenera kuchita n'zodziwika ndipo sizoposa mphamvu za dziko lino. Nyumba ya Malamulo iunikenso malamulo a zikalata ndi a zinthu zakale kuti anene momveka bwino kuti mapepala a udindo a mtsogoleri wa dziko, nduna ndi akuluakulu ena aziperekedwa ku nkhokwe ya boma akangochoka pampando, monga mmene America inakhazikitsira lamulo lotere mu 1978 pambuyo pa mkangano wa mapepala ndi matepi a Richard Nixon. Pakhale kaundula wa zolemba zofunika zimene zili m'manja mwa mabanja, mipingo ndi zipani, wolembedwa mogwirizana ndi eni ake osati mowaopseza, ndiponso thumba la ndalama logulira zikalata zikapezeka. National Archives, nthambi ya mbiri ya University of Malawi, bungwe la Society of Malawi la ku Mandala mumzinda wa Blantyre ndi masinodi a mipingo agwirizane kuyendera mabanja a omenyera ufulu ndi makina ojambulira, kusiya pepala lenilenilo kwa amene akufuna kulisunga ndi kupita ndi chithunzi chake ku Zomba. Unduna wa za maubale ndi maiko akunja upemphe makope a mafayilo a Nyasaland a ku Kew ndi a zolemba za ku Indiana ndi ku Edinburgh, kuti aziwerengedwa m'dziko la eni nkhani. Chitsanzo chilipo kale mumzinda wa Zomba, pakuti Kachere Series inasindikiza mbiri imene Chipembere analemba yekha ya moyo wake patapita zaka zoposa 25 mwini wake atamwalira, zimene zinatheka chifukwa panali anthu amene anasunga mapepalawo.

Boma limene limawononga ndalama chaka ndi chaka pa miyambo yokumbukira Chilembwe, Kamuzu ndi ofera ufulu a pa 3 Malichi 1959 lisonyeze ulemu womwewo ku mawu amene anthuwa analemba, poika ndalama zokwanira za nkhokwe ya ku Zomba m'ndondomeko ya chuma ya chaka chikubwerachi. Aphungu a m'boma la Zomba, amene chuma chimenechi chili m'dera lawo, akhale oyamba kufunsa nduna m'Nyumba ya Malamulo kuti ntchitoyi iyamba liti. Ndipo banja lililonse limene lili ndi makalata a kholo limene linatumikira dziko lino, kaya linali nduna, mfumu, mbusa kapena mlembi wa nthambi ya Congress kumudzi, liwachotse pansi pa bedi, liwaike pouma, ndipo lidziwitse osunga zikalata asanafike wamalonda kapena chiswe, pakuti madzi akatayika saoleka.